Mikate ya M'khoma

Ndinali pansanja, hamala ili m'manja, pamene ndinazindikira kuti khoma limene ndinkakonzalo ndinkalidziwa kuyambira ndili mwana, chonsecho kumaloko, kumene amakutcha Mai Tselot, ndinali ndisanapondeko chibadwire.

Tinapita kumeneko amisiri asanu, kukachirikiza tchalitchi chakale chomangidwa m'phanga, chimene khoma lake limodzi linayamba kufufuma. Anthu akumpoto amamanga mwa mtundu wawo. Amayala miyala, kenako amagoneka mtanda wautali motsatira khoma, ndipo pamwamba pa mtandawo amapingasa timitengo tifupitifupi togwira khomalo kuti lisayasamule. Nsonga za timitengoto zimatulukira kunja, zobulungira, zondandalikana bwino, ndipo eni ake amazitcha mitu ya anyani. Kwathu ku Gojamu zimenezi kulibe. Tchalitchi chathu n'chozungulira, cha mitengo ndi dothi, chofolera ndi udzu.

Masiku atatu oyamba mituyo inkangondisowetsa mtendere, chifukwa chake osachidziwa. Tsiku lachinayi tinasamutsira nsanja kukhoma la kum'mwera, ndipo mwa chizolowezi cha ntchito ndinayamba kuiwerenga. Mzere wapansi inalipo isanu ndi iwiri. Wapakati, isanu ndi iwiri. Wapamwamba, isanu ndi umodzi, itatu uku itatu uku, chifukwa pakati panali zenera looneka ngati mtanda. Mutu wachiwiri wa mzere wapamwambawo unali wobenthuka, theka lake palibe.

Hamala inandipulumuka n'kukagwera pafupi ndi phazi la Abba Hadush, mmonke wotsimphina amene ankasunga malowo.

"Iwe mwana wa ku Gojamu," anatero, osatukula ndi mutu womwe, "ngati wandida ungonena. Mwendo wabwino ndatsala nawo umodzi womwewu."

Sindinaseke. Mmene ndinatsikira pansanjapo sindikukumbukira.

Bambo anga, Kes Tiruneh, anali wansembe kwathu ku Zengaba, komanso wosunga chinthu chokhacho chimene mudzi wathu unkanyadira: buku la Uthenga Wabwino lolembedwa pazikopa, lolemera ngati mwana wa chaka chimodzi. Linkatuluka kamodzi pachaka, patsiku la Abba Minasi, woyera amene tinkati ndiye anayambitsa tchalitchi chathu n'kulemba bukulo ndi dzanja lake. Bambo ankalitsegula patsamba limodzi n'kulikweza kuti aliyense aone. Patsambapo panali chithunzi cha woyerayo ataima pambali pa khoma, ndipo pakhomapo panali tinthu tobulungira tofiirira, m'mizere itatu. Tonse tinkadziwa kuti imeneyo ndi mikate. Nkhani yake inali yoti m'chaka cha njala Abba Minasi anapemphera, khoma linatulutsa mikate makumi awiri, ndipo anthu ataopa kudya, iye analumako umodzi kuti aone kuti si zamatsenga.

N'chifukwa chake chaka ndi chaka amayi a ku Zengaba ankaphika mikate makumi awiri n'kuindandalika pamatabwa atatu kukhoma la tchalitchi, isanu ndi iwiri, isanu ndi iwiri, isanu ndi umodzi. Bambo ankaluma wachiwiri wa mzere wapamwamba, nthungululu zili pakamwa mudzi wonse. Ndili wamng'ono ndinawafunsapo chifukwa chake khoma la m'buku linali lowongoka pamene lathu n'lozungulira. Anandiyankha ndi mbama, ndipo sindinafunsenso.

Tsopano mikate yathu ija inali pamaso panga, ya mtengo wa azitona wouma gwa.

Munthu wanzeru akanatola hamala yake n'kubwerera pansanja. Koma ine pakamwa panga sipanagonepo ndi nkhani, ndipo khalidwe limeneli landigwetsa m'mavuto ambiri.

"Abba," ndinatero, "khoma ili lili m'buku lathu."

Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinawafotokozera zonse: mizere itatu, zenera la mtanda, mkate wolumidwa, ngakhale chimzere chakuda chokhota pamwamba pa chithunzi, chimene ife tinkati ndi mtambo wa mvula, koma tsopano ndinkachiona ndi maso anga kuti ndi mlomo wa phanga. Mkulu uja anakhala pansi, pafumbi penipeni. Kenako anandigwira dzanja n'kundilowetsa m'tchalitchi.

Kuseri kwa nsanamira kunali kauna kosemedwa m'thanthwe, kopanda kanthu, kakuda bii ndi utsi wa lubani. Anati amafukiza pamenepo chaka chilichonse pokumbukira buku lawo, limene asilikali ochokera kum'mwera analanda zaka zoposa zana zapitazo, ndiponso dikoni wina amene analikumbatira pakhomo osalisiya mpaka anam'dula mkono. Mutu wa nyani uja, anatero, unabenthuka ndi mwala wogwa kuchokera kudenga la phanga tchalitchi chikumangidwa kumene. Wojambula chithunzi cha m'bukulo anali mmonke wa pomwepo, ndipo anajambula zimene ankaona akatukula maso.

Diso la mmisiri silipempha chilolezo. Ndisanaganize n'komwe, dzanja langa linali litayeza kale kauna kaja. Bukulo ndinalinyamulapo kangapo pothandiza bambo, ndipo ndinadziwa kuti likanalowa mmenemo bwinobwino, osatsala mpata ngakhale wa chala.

Pamenepo ndinakumbukira agogo a bambo anga, Basha Wolie. Anali msilikali, anapita kunkhondo kumpoto, ndipo pobwera anapeza tchalitchi cha kwathu chitapsa. Tinkauzidwa kuti ndi iwo amene anafukula phulusa n'kupeza bukulo lili bwinobwino, losapserera ndi pang'ono pomwe, ndipo n'chifukwa chake kiyi wa mosungira bukulo ankakhala m'banja mwathu. Lupanga lawo linali lopachikidwa pamwamba pa chitseko chathu, ndipo ine ndemwe ndinkalipukuta ndi mafuta pa zikondwerero.

"Mudzi wanuwo dzina lake?" anafunsa Abba Hadush.

Ndikanatha kunama. Midzi ku Gojamu ndi yosawerengeka, ndipo munthu wa mwendo umodzi sakanaiyenda yonse. Koma ndinali nditaima patsogolo pa kauna kopanda kanthu kaja, ndipo ndinatchula. Madzi akatayika saoleka.

Abba Hadush anafika kwathu patatha miyezi inayi, tikupuntha tefu, mbewu yathu yonga mawere. Anabwera pabulu, atatsagana ndi nthumwi ya bishopu, ndipo akuluakulu anakhala pabwalo la tchalitchi masiku awiri. M'bukulo munalibe mawu onena kumene linalembedwera, chifukwa tsamba lomaliza linasowa kalekale, ati makoswe anadya, ngakhale kuti makoswe a kwathu sadula mowongoka choncho. Atandiitana, ndinajambula khoma lija papepala n'kufotokoza za mitu ya anyani.

Anthu anafa nacho chiseko. Mkulu wina anafunsa kuti anyani anayamba liti kulowa mu Uthenga Wabwino. Mayi wina, amene anaphika mikate ija zaka makumi atatu, anandifunsa pamaso pa anthu ngati ndikutanthauza kuti iye wakhala akuphika matabwa. Chiseko chitatha panabwera mkwiyo. Ananditcha wogulitsa mudzi, mwana amene analephera unsembe n'kuthawira kumatope a umisiri, ndipo mkazi wanga kuchitsime ankatunga yekha.

Nthumwi ya bishopu inaona kuti chithunzi sichingathetse mlandu pakati pa anthu oona mikate ndi anthu oona mitengo. Inagamula kuti wosunga buku alumbire m'mawa mwake kuti bukulo linabadwira ku Zengaba. Akalumbira, mlendo abwerera chimanjamanja. Akapanda kulumbira, buku lipita.

Lumbiro la kwathu si la masewera. Wolumbira amaima pakhomo la tchalitchi atagwira kandulo yopyapyala ya phula la njuchi. Amanena mawu ake n'kumaliza kuti ngati wanama mbewu yake izime chonchi, kenako amaiuzira kandulo ija. Mbewu ya bambo anga inali ine ndekha, ndi mwana wanga wamkazi Mastewal, amene anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndayenda m'matauni, ndamangapo nyumba zosanjikizana, koma munthu asandinamize kuti alipo wa kwathu amene amamva mawu amenewo mtima wake osagunda.

Masana a tsiku limenelo ndinawapeza bambo kuseri kwa nyumba, akumata mng'oma watsopano wa njuchi ndi ndowe. Chibwerereni kuchokera kumpoto tinali tisanakambiranepo nkhaniyi maso ndi maso, ndipo pabwalo paja sanayankhule kanthu. Ndinkawamvera chisoni. Ndinkaona nkhalamba yoongoka mtima imene ikupita kukalumbira bodza mosadziwa, ndipo ndinkaganiza kuti ndikangoifotokozera modekha, imva.

Ndinanjuta pambali pawo, n'kutola kamtengo, n'kujambula khoma lija padothi. Ndinawaonetsa mmene mitanda imagonera ndi mmene nsonga zake zimatulukira. Ndinawauza za kauna kofukizidwa lubani, ndi za dikoni amene anadulidwa mkono pakhomo.

"Mmonkeyo wawonjezera," anatero motsitsa mawu, dzanja likumatabe mng'oma. "Sunali mkono wonse. Zinali zala zinayi."

Mutu wanga unaima. Ndinkangoyang'ana msana wawo, kamtengo kali m'manja. Njuchi zinkalira m'ming'oma ina ija, ndipo kwa kanthawi ndi zokhazo zimene ndinkamva.

"Munadziwa liti?" ndinafunsa.

"Tsiku limene agogo ako anamwalira. Anandiuza zonse monga mmene bambo awo anawauzira, kenako anandigwiritsa mtanda. Ndinalumbira kuti nkhaniyi sindidzaiulula pabwalo, ndipo kiyi sindidzam'pereka m'manja mwa mlendo. Ndinali ndi zaka makumi atatu."

"Ndiye zaka makumi anayi zonsezi mwakhala mukuluma mkate uja mukudziwa?"

Apa m'pamene anatembenuka.

"Unkafuna ndiwauze chiyani amayi aja? Chaka cha chilala, iwe ukadali kumbuyo kwa amako, anaphika mikate ija ndi ufa wawo womaliza. Anapirira mpaka mvula inagwa chifukwa cha khoma limenelo. Ukanapita iwe kukawauza kuti ndi anyani?"

Chibadwire ndinali ndisanawakwezerepo mawu bambo anga, koma tsiku limenelo ndinawakalipira ngati mnzanga wa kuntchito. Ndinawauza kuti mtanda umene amapsompsonetsa anthu ndi wolemera kuposa dzina la Basha Wolie, kuti tinkapukuta lupanga lodula zala za mtumiki wa Mulungu, ndi zina zambiri zimene ndikuchita nazo manyazi mpaka lero. Anandisiya kuti nditsirize.

"Mawa mukauzira kandulo ija," ndinatero pomaliza, "mukuzima ine ndi Mastewal."

"Ndikanena zoona ndaswa lumbiro la kwa wakufa. Wamoyo ungathe kukam'gwira mwendo kuti akumasule. Wakufa ukam'peza kuti?" Anapukuta manja paudzu. "Nanga iwe Simachew, mlendoyu anam'lozera njira ndani?"

Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo amene anagwetsa mvulayo ndinali ine. Komabe ndinachoka pamenepo ndikudana nawo, ndipo sindibisa. Ndinawadziwa bambo anga: munthu amene sanasinthepo mawu ake, amene anakana kundilankhula chaka chathunthu nditasiya sukulu ya unsembe. Ndinalibe chikayiko kuti asankha wakufa. Ndinauza mkazi wanga kuti timange katundu tithawire kutauni dzuwa lisanalowe. Iye anangondiyang'ana n'kunena kuti temberero silifunsa njira.

M'mawa mwake mudzi wonse unali pabwalo la tchalitchi, amuna mbali yawo, akazi mbali yawo, onse atafunda zoyera. Abba Hadush anaima payekha, atatsamira ndodo yake yopempherera. Bambo anatuluka atavala za unsembe, n'kuima pakhomo. Nthumwi ya bishopu inayatsa kandulo, yaitali ngati chikhatho chimodzi, n'kuwapatsa. Anaigwira ndi zala zitatu za dzanja lamanja.

"Kes Tiruneh," inatero nthumwiyo, "nenani mawu."

Bambo anayang'ana mbali ya akazi, kumene kunali mkazi wanga ndi mwana. Kenako anayang'ana lawi. Sananene kanthu.

Poyamba anthu ankayesa akupemphera, ndipo anaweramitsa mitu. Phula linayamba kuyenderera. Nthumwi inabwereza kachiwiri, mokweza pang'ono, poganiza kuti mwina nkhalamba sinamve. Kunali zii, moti tinkamva bulu wa mlendo akubudula udzu kuseri kwa mpanda. Ine ndinkangodikira kuti masaya awo afufume.

Kamphepo kanadutsa, lawi linapendama, ndipo bambo anachita chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Anatukula dzanja lamanzere n'kulitchinjiriza lawilo. Anapotolanso nkhope pang'ono, kuti ngakhale mpweya wa m'mphuno mwawo usalifike.

Pamenepo ndinamvetsa. Sakananena zoona, chifukwa analumbira kwa bambo awo. Sakanauzira, chifukwa cha ife. Anasankha kungoima.

Manong'onong'o anayamba. Mkulu uja wofunsa za anyani anawauza kuti auzire msanga anthu akadye. Amayi ena anayamba kuwadandaulira, kuwatchula mayina aulemu, kuwakumbutsa za Abba Minasi. Kenako mmodzimmodzi anayamba kukhala chete, ndipo ndinaona nkhope zawo zikusintha. Mayi uja wophika mikate zaka makumi atatu anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Palibe amene anawauza kanthu, koma aliyense ankadziwa kuti munthu wonena zoona sachedwa ndi kandulo.

Nthumwi inafunsa kachitatu. Kandulo inali itatsala ngati chala chaching'ono, ndipo phula lotentha linali litakuta zikhadabo zawo n'kumatsikira m'chikhatho. Koma lawi linali chiyakire.

Abba Hadush anatsimphina mpaka pafupi nawo.

"M'bale wanga, tayani," anatero. "Ndaona. Zakwana."

Bambo anapukusa mutu. Kuitaya pansi kukanakhala kuizima ndi dzanja lawo.

Ndinadumpha kuti ndikawalande, koma anandiyang'ana ndi diso lija limene linkandiimitsa ndili mwana, ndipo ndinaima pomwepo. Lawi linafika pazala. Ndinamva fungo, ndipo aliyense amene anali pafupi analimva. Thukuta linkatsika m'ndevu zawo, milomo ataikanikiza kuti pasatuluke mpweya. Ndinkalira poyera, ine munthu wa ndevu, pamaso pa mudzi umene unkandinyoza. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Lawilo linachepa, linasanduka lobiriwira, linaphethira kawiri, kenako linatha lokha.

Nthumwi ya bishopu inayeretsa kukhosi n'kunena kuti wosunga buku sanalumbire, choncho buku libwerera ku Mai Tselot. Palibe anatsutsa. Palibenso amene anasuntha.

Bambo anapisa dzanja lamanzere m'khosi n'kuvula chingwe cha kiyi. Abba Hadush anali pafupi nawo, dzanja lili chitambasulire, koma anawalambalala n'kubwera kwa ine.

"Katsegule ndiwe," anatero, mawu atasasa. "Ukawanyamulire mpaka pabulu. Ndi lolemera, ndipo mwendo wawo ndi umodzi."

Ndinalandira kiyiyo, koma maso anga anali padzanja linalo. Anali asanalitsitsebe. Zala zitatu zija zinali zitamatirirana m'phula louma, zotupa, zoyera ngati zophika, ndipo pakati pake panatsalira kaulusi kakuda kakufukabe utsi.